Ndinafungatira galu kuti mwana wanga asamangidwe

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kuno ku Dubai ndi inu akumudzi. Amene anayamba kundiuza za tsoka limeneli ndi Rafiq, bambo wosamalira maluwa panyumba pamene ndimagwira ntchito yophika. Anandipeza kukhitchini ali wefuwefu, n'kungoti, "Mama, yalla, fulumira, mwana wako akumenyedwa!"

Mwana wanga Tadala ndinachita kumupemphera ntchito panyumba pomwepo. Ankakolopa ndi kusamalira kagalu ka Madamu, mwini nyumbayo, dzina lake Zuzu, kochepa ngati mphaka. Unali mwezi wa Januwale, nthawi imene kuno kumawomba mphepo yozizira mpaka tonse timavala majuzi. Masana amenewo kunali phwando. Tadala anali atangosambitsa Zuzu, ndiye ubweya usanaume kanathawira kwa alendo n'kumauwa. Mchimwene wake wa Madamu, munthu wamkulu wa ndevu zake, atakhuta mowa anakanyamula n'kukakatsekera mufiriji yaikulu ya nyama kugalaja. Anzake anaseka, kenako onse anaiwala. Tadala anakafunafuna nyumba yonse, mpaka Rafiq anamva kulira kwapansipansi mufirijimo.

Nditafika kugalajako ndinapeza Tadala atagwada, tsaya litatupa ndi makofi a Madamu. Aliyense ankadziwa amene anatsekera galuyo mufiriji, Madamu yemwe ankadziwa, koma mchimwene wake sanamuyang'ane n'komwe. Analoza mwana wanga n'kunena kuti, "Galu uyu akafa ndikuitanira apolisi. Ndikawauza kuti wamupha dala, komanso umandibera." Anamulanda foni n'kumutsekera m'chipinda cha katundu. Abale anga, mapasipoti athu anali kwa iye. Ndani akanamvera wantchito?

Galuyo Madamu anandiponyera ine m'manja. Anali wozizira ngati nyama yomwe ndimaphika, osanjenjemera n'komwe, mpweya wapatalipatali. Nsonga za makutu ndi mapazi zinali zitauma gwa, zitayera mbuu. Dalaivala anali atapita kukatula alendo ena, ndipo otsalawo onse anali ataledzera.

Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndimadziwa za kwathu basi. Kwathu munthu akazizidwa kapena akatupa timamuthowa ndi madzi otentha n'kumutikita mwamphamvu. Ndinatereka ketulo, madzi anawira, ndinaviika nsalu. Kenako ndinati, "Ambuye, chibadwire sindinapemphererepo galu. Koma moyo wa mwana wanga uli mwa kanyama aka. Ndithandizeni."

Ndisanakagunditse nsalu ija, foni yanga inalira m'thumba. Anali amake Daliso, mayi wa ku Chipata amene timaimba naye kwaya, yemwe amakolopa kuchipatala cha ziweto. Ankangofuna kundifunsa nyimbo ya Lamulungu. Nditawauza ndikulira, anakuwa, "Amake Tadala, musayese! Muzamupaya galu uyo! Tayani madziwo!"

Anandiuza kuti thupi lozizira chonchi silimva kutentha, ndiye madzi owira amaliwotcha, ndipo kulitenthetsa mwadzidzidzi kungaimitse mtima. Anati ndimupukute modinda ndi thaulo louma, makutu ndi mapazi ndisatikite chifukwa khungu lowuma ndi chisanu limanyenyeka. Ndithire madzi ofunda chabe m'mabotolo, ndikulunge m'nsalu, ndiike m'mbali mwa chifuwa chake. Ndisamumwetse kanthu pamene sakutha kumeza. "Afunde pang'onopang'ono ngati khanda," anatero, "ndipo galimoto ikangofika mubwere naye kuno."

Mawu oti khanda ndi amene ananditsegula mutu. Tadala anabadwa masiku asanakwane, ndipo anamwino anandiphunzitsa kumumangirira pachifuwa, khungu kukhungu, usana ndi usiku. Ndinamasula mabatani a yunifolomu, ndinaika Zuzu pamtima panga, n'kumanga ndi chitenje changa cha kutchalitchi. Ine, mayi wa msinkhu wanga, kubereka galu! Kwathu galu amagona paphulusa. Alendo aja atandiona anafa nazo zoseka, ena akujambula pafoni. Mchimwene wa Madamu uja anandiyandikira n'kuyamba kuuwa kumaso kwanga. Makutu anga anali kuchipinda cha katundu, kumene mwana wanga ankaitana kuti, "Amayi, akupuma?"

Dalaivala atabwera tinanyamuka, Madamu kutsogolo akulira ndi kutukwana, ine kumbuyo ndikuimba chamumtima. Tili pamzere wa magalimoto, ndinamva kanthu kakugwedezeka pachifuwa. Zuzu anayamba kunjenjemera, kenako anandinyambita pakhosi. Ndinafuula kuti Yesu, mpaka dalaivala anadzidzimuka.

Amake Daliso anatichingamira pakhomo la chipatala. Dokotala anamuika dripi yofunda, ndipo galuyo anachira, ngakhale nsonga ya khutu limodzi inada n'kudulidwa. Apolisi sanaitanidwe. Koma musaganize kuti alipo anathokoza. Madamu anati sakufunanso kuona nkhope ya Tadala, anamuponyera pasipoti pansi n'kuti, "Khalas, zatha, choka." Chitenje changa anakana kundibwezera, ati Zuzu sagona popanda icho. Mpaka lero galuyo amagona pachitenje chimene ndinkavala popita ku Mgonero.

Koma Mulungu amene anaimbitsa foni ija sanatisiye panjira. Amake Daliso anamutenga Tadala kukagona naye kumene amakhala ku Satwa, anamulankhulira kwa mabwana awo, ndipo mapepala atatheka anayamba ntchito yosambitsa agalu kuchipatala komweko. Mwana amene akanakhala m'ndende, lero amagona ndi pasipoti yake pansi pa pilo. Ndikuthokoza Ambuye, ndikuthokozanso mayi ameneyu ndi Rafiq.

Inu alongo anga amene mukulira m'makhitchini a eni, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo likhale lochititsa manyazi ngati langa. Ine ndikadali panyumba pomwepo mpaka kontirakiti ithe. Mchimwene wa Madamu amabwerabe, ndipo ndine ndimamupatsira tiyi, akandiona amauwa. Mukagwada, mutikumbukire ine ndi Tadala ndi ang'ono ake amene ali kumudzi, kuti mtima wanga usaume ndi chidani ndisanatuluke pageti limenelo.