Mfumu Yosatsokomola

Pa siteji ya basi ku Chilomoni, mayi wogulitsa zitumbuwa anayamba kucheza ndi bambo wina wa suti yakuda amene sankamudziwa.

"Mwana wanga ali ku yunivesite, bambo. Anzake anamusankha kukhala tcheyamani wa kalabu ya zisudzo."

"Mwalera, mayi. Akukonza sewero lanji?"

"La mfumu yokalamba imene inadwala n'kumwalira. Koma akuluakulu oona za masewero atawerenga, anati mfumu siingafe anthu akuonerera."

"Ndiye ikungodwala basi?"

"Matendawonso anafufuta. Imvi anachotsa. Ngakhale kutsokomola anati kungasokoneze bata m'dziko."

"Nanga mfumuyo ikuchita chiyani tsopano?"

"Ikungokhala pampando, enawo n'kumaivinira."

"Tsono sewerolo limatha bwanji?"

"Silitha, bambo. Anthu amawomba m'manja mpaka zikhatho kutupa, poti aliyense amaopa kuyamba kusiya."

"Ndi wochenjera mwana ameneyo. Mwati dzina lake ndani?"

"Dzina la yani?"

"La mwana wanu wa ku yunivesiteyo."

"Ine mwana ku yunivesite? Mwandimva molakwika, bambo. Anga onse amakhoma zidebe ku Chirimba. Kodi basiyi ibwera koma lero?"