Mtambo Umene Umafika Masana ku Zinder

Dokotala Chaibou anali munthu wokhulupirira kompyuta kuposa zenera. Kwa mwezi wathunthu, makina oyeza kuwala kwa thambo amene ali padenga la ofesi yathu ya zanyengo ankasonyeza mtambo masana aliwonse, m'chilimwe chowotcha ngati uvuni. Adokotala analemba lipoti nthawi yomweyo n'kuitana akuluakulu a ku likulu, ku Niamey, kuti adzaone okha. Litatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, anaitana a Barmou, mlonda wathu.

"Malam Barmou, inu mumakhala panja. Mtambo wa masanawu umachokera mbali iti?"

"Mtambo, bwana? Ine ndinauona komaliza mwezi wokolola mapira."

"Maso anuwo anapimidwa ndi ndani? Makina akuti ulipo!"

"Ndiye ulipo, bwana," anatero a Barmou, akusuzumira pazenera. "Kaya wabisala."

"Umafika dzuwa lili paliwombo, umachoka nthawi ya tiyi. Tsiku lililonse!"

"Ee, nthawi imeneyo makina sapsa ayi. Ndimaonetsetsa."

"Ndani wanena za kupsa?"

"Inu, bwana. Munalemba pachitseko kuti katundu wa boma asasiyidwe padzuwa. Njinga yamoto ndimaifunditsa katoni. Mtsuko wa madzi, chiguduli. Kadiso kagalasi ka padengako, nsalu."

Adokotala anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando. Mwayi wake unalipo.

"Nsalu... Ayi! Zosatheka. Nanga bwanji Lachisanu mtambo umafulumira? Ndalemba masamba asanu ndi awiri kufotokoza zimenezo!"

"Ndimapita ku mzikiti, bwana."

"Nanga Lachiwiri lija kunayera mbee?"

"Mayi akunyumba anaichapa nsaluyo. Pepani ndithu, Wallahi sizidzachitikanso. Ndinagula yachiwiri."

Ine, amene ndakhala mlembi wawo kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndinawamvera chisoni, osanama. Lipoti linali litapita kale, dzina lawo lili pamwamba m'zilembo zikuluzikulu, ndipo nkhosa ya alendo inali italowa kale m'mpanda.

"Makina ogulidwa kuti aziyang'ana kumwamba, inu n'kuwafunditsa!" anakuwa adokotala, akumenya tebulo.

"Ndiye ndilekeretu, bwana? Mawa ndiwasiye padzuwa?"

Adokotala anayang'ana kompyuta, kenako kwa nthawi yoyamba anayang'ana pazenera. Kumwamba kunali mbee, ngakhale mbalame kunalibe. Anatsitsa mawu.

"Mawa muwafunditse monga mwa masiku onse. Mukatero mubise makwerero, ndipo alendo muwakhazike mbali yopanda zenera."