Timalata ta Yosefe pa Milaza ya ku Msanzala

Zaka zija za Chitaganya, pamene azungu anamanga dziko lathu mtolo umodzi ndi maiko ena awili osatifunsa, ine ndinali kale bambo wa ana awili ku Msanzala, ndipo ntchito yanga, ndikaika khasu pansi, inali kudula mlaza kudambo ndi kuluka mikeka, imene ndinkapalasa nayo njinga mpaka ku Kacholola kukagulitsa kwa anthu apaulendo. Mwandifunsa kuti mng'ono wanga Yosefe ankagwila ntchito yanji kwenikweni, popeza mwapeza dzina lake m'mafoni anuwo. Ndikuuzani zimene ndinaona, koma musayembekeze kuti ndikumasulileni zonse, chifukwa ine ndemwe mpaka lelo sindinazimvetse bwino.

Ife tinali obwela. Atate, a Daka, anachoka cha ku Katete kufunafuna nthaka, ndipo amene anawalandila ndi kuwalozela pomanga ndi polima anali a Lungu, mkulu wachinsenga wa mpingo wathu, munthu wosakweza mawu. Yosefe yekha pakati pathu ndiye anagwila sukulu, napitilila mpaka kukoleji kutali kumwela, ndipo atate ankauza aliyense kuti mwana wawo adzabwela ali mphunzitsi wamkulu kapena kalaliki wa pa boma. Koma kalata itafika, inati iye akuphunzila za migwalangwa. Atate anauza wowelenga kuti abweleze katatu, kenaka anandiyang'ana nati, "Petulo, migwalangwa yake iti? Yomwe ino anyani amakwela?"

Anafika m'chilimwe, atavala kabudula wa khaki, atanyamula matabwa awili omanga ndi malamba, mulu wa manyuzi akale, chingwe choyezela ndi thumba la timalata tating'ono tachitsulo tokhala ndi manambala. Inu masiku ano mukaona chinthu mumangochijambula, koma iye ankadula tsamba, n'kulipinda, n'kulipana pakati pa manyuzi kuti liume, ndipo amai ankadandaula kuti mwana wapita kutali konseko kukaphunzila kufutsa ndiwo zosadyeka.

M'mawa mwake anati, "Akulu, mundipelekeze kumene mumadula mlaza."

Tili kudambo anandifunsa, "Kodi mlaza uwu ndi mgwalangwa uwo, mumati ndi chinthu chimodzi kapena ziwili?"

Ndinaseka, chifukwa funso limenelo ngakhale mwana akanayankha. Mlaza ndi chitsamba chofika m'chiuno, chimene timadula masamba ake, pamene mgwalangwa ndi mtengo wautali wobala zipatso zolimba zija. Ndinati ndi ziwili.

"Mabuku ena akutelonso," iye anatelo, "koma ine ndikuganiza kuti ndi mwana ndi make. Mlaza sukula chifukwa inu mumaudula ndipo moto umauwaula chaka ndi chaka. Ndikufuna ndione ngati utasiyidwa ungatuluke thunthu."

"Ndiye ukaona, upindulanji?"

"Tidzadziwa, akulu."

Tamvani yankho limenelo, ana inu. Ine ndinadikila kuti apitilize, koma iye anali atagwada kale, akumangilila kalata kakang'ono kachitsulo patsinde ndi waya. Anasankha zitsamba zambili ndithu, nalambula mozungulila kuti moto usafike, nandipempha kuti zimenezo ndisazikhudze ndi chikwakwa. Anapitanso ku Nyimba, kutsikila kuchigwa, kukaona ya kumeneko, ndipo dzinja lililonse ndi chilimwe ankabwela kudzayeza ndi kulemba m'kabuku. Zinayenda chotelo zaka ziwili.

Koma muyenela kudziwa mmene mitima inalili nthawi imeneyo. Lelo munthu akabwela ndi chingwe choyezela mumati mwina kukubwela mjigo kapena magetsi, koma kale lija chingwe chinkatanthauza kuti munda wako wapita. Anthu anali atamva za abale awo osamutsidwa kwina, ndipo Chitaganya tinkachiopa ngati chilombo chimene sunachione nkhope. Tsono amai ena okatunga madzi anaona timalata tija tikung'anima padzuwa, ndipo sabata lisanathe mudzi wonse unkanena kuti mwana wa a Daka akulembela azungu dambo, kuti nambala iliyonse ndi munda wa mzungu mmodzi, ena nkumati ayi, ndi msonkho wa mikeka umene ukubwela.

Lamulungu lina titatuluka m'chalichi, a Lungu anapempha kuti amuna atsale pamthunzi. Anayang'ana atate nati, "A Daka, tinakulandilani ngati abale. Tiuzeni, zitsulo zili kudambo zija n'zayani?"

Atate analoza Yosefe, ndipo iye anaimilila. Ndikanakonda akanangonena mwachidule, koma mwana uja anayamba kufotokoza kuti migwalangwa ina ndi yaimuna, ina yaikazi, kuti yaimuna sibala, ndipo kuti ali ndi aphunzitsi ake kukoleji amene amawatumizila zimene walemba. Poyamba anthu anaseka za mitengo yaimuna, koma atatchula zotumiza, kuseka kunatha.

"Aphunzitsi akowo ndi azungu?" anafunsa a Lungu.

"Inde, bambo."

"Ndipo akudziwa pamene pali dambo lathu?"

"Ndinajambula mapu, bambo, koma ndi a mitengo chabe."

A Lungu anati, "Mwana wanga, mwina iwe mtima wako uli pa mitengo. Koma pepala likachoka m'manja mwako, udziwa bwanji amene aliwelenge? A Daka, zitsulo zichoke mailo dzuwa lisanapendeke. Zikakhala, ndiye kuti mwasankha kukafuna malo kwina."

Paja amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Titafika kunyumba atate sanakalipe. Anangoti, "Petulo, ndiwe wamkulu, ndipo dambo umalidziwa. Amako sangayambenso kumanga kwina pa msinkhu uwu."

Ndinapita m'mawa ndi mpeni ndi dengu, amuna atatu akunditsata kuti akaone ndi maso. Yosefe anabwelanso. Sanandigwile dzanja, sanandiletse, ankangoyenda pambuyo panga ndi kabuku kake, ndipo ndikadula waya iye ankalemba mzele pa nambala ija. Ndinkafuna andinyoze kuti nanenso ndipse mtima, koma iye anangoti, "Akulu, samalani minga, ili m'mphepete mwa phesi," ngati kuti ine sindinakulile m'minga imeneyo. Timalata tonse tinakatipeleka kwa a Lungu, ndipo masiku otsatila anthu anadula zitsamba zija dala, kuti pasatsale chizindikilo.

Ndinamupelekeza kukakwela basi. Panjila ndinamufunsa, "Yosefe, undiuze zoona, ndife awili. Kodi a Lungu ananama?"

Iye anati, "Sindikudziwa, akulu. Ine ndinalemba za mitengo. Zimene ena angachite nazo sindinaziganizile." Ndipo yankho limenelo linandisokoneza koposa, chifukwa ndinkafuna andiuze kuti ndalakwa kapena kuti ndachita bwino, koma anandisiya pakati.

Tsono pali chimene sindinauze munthu. Kuseli kwa chulu, kumalile a munda wanga, kunali chitsamba chimodzi chimene ndinachichotsa kalata ngati zinzake, koma chikwakwa changa sichinafikeko. Musandifunse chifukwa. Sikuti ndinkakhulupilila za Yosefe, ayi, ndinkangoona kuti dzanja likulemela ndikafika pamenepo, ndipo nthawi yotentha tchile ndinkapezeka ndalambula mozungulila. Mkazi wanga Esinati ankati, "Bambo, masamba abwino onsewa mukusungila ndani?" Ine nkumati ndi olimba, saluka bwino.

Yosefe sanabwelenso kwa zaka zambili. Tinkangomva kuti wawoloka nyanja, kuti wapatsidwa udokotala koma wosabaya jekeseni, kuti akuphunzitsa pa yunivesite, ndipo akuyenda m'maiko kufunafuna mitengo ya mtundu womwewo. Atate anamwalila akufunsabe ngati mwana wawo anapeza ntchito yeniyeni. Chitaganya chinatha, mzungu sanabwele kudzatenga dambo, koma kaya n'chifukwa chakuti tinachotsa timalata, kaya sakanabwela n'komwe, palibe angandiuze.

Anadzafika ali ndi imvi, ana anga atakwatila kale. Titadya ndinati, "Tiye ukaone munda." Titazungulila chulu chija iye anaima. Chitsamba chija chinali chitatuluka thunthu, lalitali kuposa denga la nyumba, masamba ali m'mwamba, ndipo zipatso zikulendewela. Anachizungulila kawili, nagwila khungwa, kenaka anakhala pansi pafumbi ndi buluku lake labwino.

"Akulu, uwu unali wa nambala seveni," anatelo.

"Kaya. Ine manambala sindinasunge."

"Zimenezi ndinazitsimikiza kale kwina, ndinalembanso m'buku. Koma ndinkafuna kuziona kuno kwathu." Anapukuta m'maso, nandifunsa, "Munausiyilanji?"

Ndinati sindikudziwa, ndipo iye anaseka, nanena kuti ntchito yake yonse imayambila pa mawu amenewo. Za tsiku la dengu lija sitinakambe. Ine ndinkati ndipepesa mailo, mailo lake iye anakwela galimoto, ndipo uthenga wotsatila unali wa malilo ake.

Ndiye mukandifunsa kuti wolakwa anali ndani, ndilibe yankho. A Lungu ankateteza nthaka, atate ankateteza banja, Yosefe ankafuna kudziwa, ndipo ine ndinali ndi mpeni m'manja. Chokhacho ndingakuuzeni n'chakuti inu amene mukuphunzila, musanakhome chitsulo chanu pamalo a anthu, yambani mwakhala nawo pansi, muwauze m'mawu amene amalankhula tsiku ndi tsiku, ndipo mumvenso chimene akuopa. Inunso otsala pamudzi, mbale wanu akamachita zimene simukuzimvetsa, mufunseni kawili musanatenge mpeni, paja safunsa anadya phula. Ndipo ngati pali mawu amene mukusungila mng'ono wanu, kamuuzeni lelo, akali pakhomo.