Makaroni a Mkaka Pakhomo la Apongozi

Monire mose, abale ndi alongo. Ambuye alemekezeke.

Ine kwathu ndi ku Zomba. Ku Kaseye kuno ndinabwera ndi banja. Nditafika anandilangiza kuti mkamwana sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sakhala nawo pafupi, sacheza nawo. Mukakumana panjira, umapatuka. Ndinamvera, ndipo tinkakhala bwinobwino.

Chaka chatha apongozi aakazi anatisiya. Maliro atatha, udindo wophikira bambo unagwera ine. Ndinkaphika, n'kusiya mbale pakhomo pawo, n'kubwerera. Mbale ija inkabwerera momwemo. Ndiwotche chimanga, osadya. Ndikazinge nyama, osakhudza. Ndinapha tambala wanga wamkulu, anangomwa msuzi basi.

Tonse tinati ndi chisoni. Abusa anabwera kudzapemphera. Amuna anga akafunsa, bambo ankangoti, “Ndakhuta.” Kukhuta chiyani, abale? Munthu ankatha tikuona. Malaya anayamba kulendewera. Kumunda anasiya kupita. Ine ndinkawaonera patali, kumsana, mtima ukuwawa. Anthu ena anayamba kunong'ona kuti mkamwana wa kummwera sadziwa kuphika. Zinandipweteka, koma chimene ndinkaopa kwenikweni n'choti tikumbanso manda ena chaka chomwecho. Ndinkapemphera kuti, “Ambuye, ine sindingawafunse. Afunseni Inuyo.”

Tsiku lina madzulo ndinalakalaka chakudya chimene ndinkaphika ndili pantchito ya m'nyumba ku Blantyre. Ndinali ndi paketi ya makaroni a ku Tanzania aja timagula pa boma. Ndinawawiritsa ndi mchere, ndipo poti ndinatanganidwa ndi zochapa, anafewa mopitirira. Mnofu wa nkhuku ndinaudula ting'onoting'ono, n'kukazinga ndi anyezi ndi adyo. Ndinawazapo ufa wa tirigu supuni imodzi, kenako n'kuthira mkaka pang'onopang'ono ndikutakasa, moto wa mbaula uli wochepa, mpaka msuzi unalimba ngati phala la mwana. Ndinasakaniza zonse.

Amuna anga anati, “Apatsekoni bambo.”

Ine ndinati, “Aa! Munthu wamkulu ndimupatse zoterezi? Adzati ndawanyoza.”

Iwo anati, “Nanga zinazo akudya?”

Ndinapakula, ndinakasiya pakhomo, ndinabwerera ndi manyazi.

Abale, mbale inabwera yoyera! Yoyera mbee! Mawa lake ndinaphikanso. Yoyeranso. Pamene ndinkaitola, ndinamva mawu kuseri kwa chitseko. Bambo sanatuluke, ine sindinadzutse mutu.

Anati, “Mkamwana, yewo chomene. Tinyongolotsi tanuti sitifuna mano.”

Kenako anandiuza, ndipo lero andilola kuti ndinene. Mano akumbuyo anatha kalekale. Zaka zonsezi mayi ankawanyenyera nyama mwakachetechete kukhitchini, n'kufewetsa chilichonse, ana omwe osadziwa. Mayi atapita, bambo akanauza yani? Mwana wawo wamwamuna ankamuchitira manyazi. Mkamwana sankayankhula naye. Ndiye ankangokhala ndi njala, nyama ili pamaso pawo.

Ndinalira nditagwada pomwepo. Chisoni chinalipo, inde. Koma inalinso njala, njala yeniyeni, m'nyumba mwathu momwe, chakudya chili tho.

Lero zinthu zinasintha. Chilichonse cha bambo ndimachifewetsa, nyama ndimainyenya monga ankachitira mayi. Loweruka lililonse ndimaphika makaroni aja, ndipo ndikachedwa amatsokomola dala pakhonde kuti ndimve. Anayambanso kupalasa njinga kupita kumunda. Timayankhulana tsopano, chitseko chili pakati, koma timayankhulana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa ndi makaroni opsa mopitirira. Ndikuthokozanso amayi a mumpingo muno amene simunanditaye pamene ena ankandinena.

Bambo abwera nawo lero, akhala kumbuyoko, mbali ya abambo. Ine sindingatembenuke, mwambo ndi mwambo. Tembenukani inuyo, abale, muwaone masaya, mundiuze ngati adzaza.

Amen.