Mlendo Wobwereka

Mayi Uchizi Mhango, wapampando wa Tilandirane, kabungwe komenyera ufulu wa anthu obwera kuchokera kwina, anafika pakhonde la telala Che Abdulwahab pa Dwangwa thukuta lili kamukamu. Mawa lake kunali kubwera bwana wa bungwe lopereka thandizo la ndalama, ndipo anali atanenetsa pafoni kuti akufuna kuona ndi maso ake mlendo wozunzika.

"Che Abdulwahab, taimitsani makinawo. Mawa ndikufuna mukhale mlendo."

"Mlendo wa ndani? Kuli ukwati?" anafunsa telalayo, phazi likupalasabe.

"Mlendo m'dziko muno! Si munabadwira ku Metangula inu, kutsidya kwa nyanjaku?"

"Ee, komweko. Koma si inu nomwe a NyaMhango munaima pamsika paja n'kukuwa kuti wonditchula mlendo mukaonana naye kukhoti?"

"Zimenezo ndi zakale."

"Zinasintha liti? Ine sanandiuzetu."

"Sizinasinthe! Tamverani. Asodzi a kutsidya aja akadali m'chitokosi chifukwa cha mapepala. Loya sayenda ulere. Bwana wa mawayu akapanda kukhutira, thandizo lipita kwina, anyamata aja n'kuwolera momwemo."

"Subhanallah! Ndiye mpititseni bwanayo kuchitokosiko akawaone."

"Kumeneko salola kujambula. Iye akufuna munthu woti amujambule akufotokoza mavuto ake."

"Oo, mavuto! Mukananena kale." Che Abdulwahab anavula magalasi n'kukhala bwino. "Ulusi wakwera mtengo. Singano za masiku ano zikungothyoka ngati usipa wouma. Ndiye msanawu, ukafika m'chiunomu..."

"Ayi! Mavuto a munthu wobwera. Nkhani ya kusalidwa."

"Kusala ndimasala, mwezi wonse wa Ramadhani. Ngakhale madzi."

"Sindikunena kusala kudya! Kusalidwa ndi anthu! Palibe amene amakunyozani?"

Telalayo anayang'ana kudenga, akuganiza mofatsa.

"Mkazi wanga."

Mayi Mhango anawomba m'manja. "Eya! Chifukwa ndinu wa ku Mozambiki?"

"Chifukwa ndimaliza mkonono. Akuti kwawo ku Benga amuna amagona mwaulemu."

Mayi Mhango anadziponya pabenchi, pamwamba pa diresi ya mwini wake. Anakumbukira mabungwe a m'tauni okhala ndi magalimoto, pamene iwo ofesi yawo inali chikwama chomwe chinali pamiyendo pawocho.

"Chabwino. Sanayesepo kukuthamangitsani pakhonde pano?"

"Anayesa, chaka chija cha madzi osefukira. Inu munabwera ndi gulu lanu, mwini sitolo n'kupepesa. Pano ndi mnzanga wa bawo. Zimenezo ndiye ndimuuza bwanayo, asangalala kwambiri."

"Musayerekeze! Akamva kuti zinatheka, anena kuti kuno kulibe vuto."

"Ndiye ndalamazo amapatsa amene ntchito yawakanika?"

Mayi Mhango anamuloza chala.

"Musandizunguze mutu. Mawa muvale malaya ong'ambika."

"Ong'ambika pati? Bweretsani ndisoke pompano."

"Musasoke! Muvale chomwecho!"

"Telala, malaya ong'ambika? Aaa, a NyaMhango, ndiye mukufuna ndizunzikedi. Makasitomala onse athawira kwa Frazer kuseri kwa depoti."

"Tsiku limodzi lokha! Ndiponso Chichewa chanu chosalalachi muchisiye kunyumba. Muziponyamo Chipwitikizi."

"Ndinaiwala. Atsala ndi mawu ochepa amene ndinatola kwa asilikali nthawi ya nkhondo, ndipo onse ndi otukwana. Ndimupatse moni ndi amenewo?"

"Mayo ine, Chiuta wane!"

"Mwaona? Inuyo ndiye Chichewa chanu chimakhota mukapsa mtima. Si kwanu ku Rumphi? Munafika kuno ine nditasokera kale mayunifomu theka la Dwangwa. Bwanji mlendoyo mukhale inu, ine ndikugwirireni mpando?"

"Ine ndine Mmalawi!"

"Nanga ine?"

Mayi Mhango anadzambatuka, chikwama n'kugwa pansi.

"Inu ndinu wobwera! Wobwera basi! Munaoloka pa bwato mutanyamula kamtolo, kuno mulibe ngakhale manda a makolo, ndipo pakanapanda ife bwenzi atakubwezani kwanu kalekale!"

Makina anaima. Amayi ogulitsa tomato patsidya pa msewu anatembenuka onse, ngakhale kondakitala wa minibasi ya ku Nkhotakota anasiya kuitanira. Mayi Mhango anadzigwira pakamwa. Mawu omwewo anali atawamva m'kamwa mwa anthu ena, ndipo ndi amene anawachititsa kuyambitsa bungwelo.

"Che Abdulwahab... pepani, achimwene. Sindimafuna kutero."

Telalayo anadula ulusi ndi mano, anapinda bwinobwino nsalu imene ankasoka, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya mkanjo wake.

"Bwanayo afika nthawi yanji?"

"Cha m'ma teni," anatero Mayi Mhango motsitsa mawu. "Mubwera?"

"Ndibwera, Insha Allah. Zoti ndikanene ndazipeza tsopano. Chifikire pa Dwangwa pano palibe amene anandinyozapo chotere." Anavalanso magalasi, phazi n'kubwerera pa makina. "Kungoti mundithandize pamodzi: dzina lanu ndimuuze lonse, kapena ndingoti a wapampando?"