Sukulu Yokana Kusauka

A Wilfrid Exantus, mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mpingo kumapiri a kumtunda kwa Jacmel ku Haiti, anatha sabata yathunthu akukongoletsa sukulu yawo kuti alendo a mishoni ochokera ku Tennessee, kutsidya kwa nyanja, asadzawapeze m'manyazi. Koma mtsogoleri wa alendowo, Mayi Glenda Pruitt, atangolowa m'kalasi, foni kudzanja ili, chidebe cha penti kudzanja linalo, anaima ngati aponda minga.

"Aphunzitsi, dalaivala uja watisocheretsa."

"Ayi, Mayi, mwafika. Takulandirani ndi manja awiri!"

"Sukulu yake si ino. Yathu ija ndi yotuwa, makoma ong'aluka, denga ngati sefa."

"Ndi yomweyi," a Exantus anatero, akukonza tayi. "Tangoisambitsa."

"Mwaipenta?"

"Kawiri. Ulendo woyamba siinawale bwino."

"Koma ife tabwera kudzapenta!" Mayi Glenda analoza pawindo. Panja panali achinyamata a mpingo wawo, onse atavala matisheti achikasu, aliyense burashi m'manja, akuyang'ana makoma ngati anthu ofika pamaliro mtembo utaikidwa kale.

"Tinamva zimenezo," a Exantus anayankha mosangalala. "Makolo anati, iii, alendo achoke kutali konseko n'kudzagwira makoma akuda? Ndiye tinapenteratu kuti mupeze pabwino popenta."

Mayi Glenda anaika chidebe pansi pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, tamverani. Ndikangobwerera, komiti ya mpingo wathu ikhala pansi kusankha chinthu chimodzi: malata a sukulu ino, kapena kuthira phula pabwalo loimikapo magalimoto kutchalitchi kwathu. A Dikoni Purvis akufuna phula. Ali ndi chithunzi cha dzenje limene linaphulitsa tayala la abusa. Ine ndikufuna chithunzi choposa dzenje limenelo."

"Maenje tili nawo," a Exantus anatero, nkhope itawala. "Kuseri kwa khitchini kuli lalikulu kwambiri. Linameza mbuzi."

"Sindikufuna dzenje! Ndikufuna umphawi!"

A Exantus anakanda chibwano. Malatawo ankawafuna kuposa Mayi Glenda. Mvula ikagwa, ana ankalemba masamu atakhala pansi pa matebulo, ndipo bolodi linkadzifufuta lokha. Koma kuyambira ali mwana sanaonepo munthu wolongosoka akuonetsa mlendo mbali yong'ambika ya mphasa.

"Umphawi ulipo, Mayi. Kungoti lero tausunga."

"Mwausunga kuti?"

"Mabenchi othyoka ali kwa Madam Célestin, wapampando wa amayi. Zidebe zotchera madzi odontha zili kunyumba kwanga, pansi pa bedi."

"Nanga mabowo a denga?"

A Exantus analoza m'mwamba ndi manja onse awiri, ngati wotsogolera kwaya. Pansi pa malata panali patakungidwa nsalu zoyera kuchokera khoma ili kukafika linalo, ndipo pansaluzo panali patamatidwa maluwa ofiira a pepala.

"Zofunda za amayi a mpingo. Ya pakatiyo ndi ya paukwati wathu."

"Tsitsani."

"Sindingathe. Wofuna kuzitsitsa ayambe walankhula ndi akazi anga."

"Ndilankhula nawo ine!"

"Mukapeza mpata mundiuze, Mayi. Ine chikwatirire ndikuufunabe."

Mayi Glenda anapumira m'mwamba n'kupita pawindo lina. Kumeneko ana a sukulu anali pamzere kudikira kuimbira alendo: yunifolomu yosita, masokosi oyera mbee, maliboni m'tsitsi ngati agulugufe atera pamunda.

"Ana awa ndi a ndani?"

"Athu."

"Nsapato zonyezimira zonsezo?"

"Zambiri n'zobwereka kumudzi wa kutsidya. Kumeneko lero sukulu atseka, ana alibe chovala kumapazi."

"Ehee! Ndiye tipite kumeneko!"

"Mukangovutika. Atamva kuti kukubwera alendo, ana onse awatsekera m'nyumba."

"Ambuye, ndigwireni dzanja," Mayi Glenda ananong'ona. Kenako anatembenuka, chala m'mwamba. "Mwana mmodzi, Aphunzitsi. Mmodzi yekha! Avule nsapato, achotse maliboni, asamwetulire."

"Wodwala?"

"Ayi, wabwinobwino. Angooneka wachisoni basi."

"Ndimukwapule?"

"Ayi! Mwatani kodi?"

"Nanga chisonicho achitenga kuti? Lero kuli mpunga wa nyemba ndi nyama ya mbuzi."

"Muuzeni aganize za njala."

"Sizingatheke, Mayi. Fungo likufika mpaka pamzere."

"Chabwino, amwetulire, koma nsapato avule. Nsapato zimabisa mavuto, Aphunzitsi. Anthu akwathu akangoona nsapato, matumba amatsekeka."

A Exantus anagwedeza mutu. Anali munthu wolemekeza chiphunzitso chatsopano, ndipo ichi anachisunga bwino.

"Chithunzicho chidzaonedwa ndi ndani?"

"Mpingo wonse. Timachionetsa pakhoma, chachikulu kuposa chitseko icho."

"Mwana wopanda nsapato, pakhoma la tchalitchi, Lamulungu?" A Exantus anachotsa magalasi. "Kuli bwino mundiphe nokha, Mayi. Amayi ake angandiphe pang'onopang'ono."

Mayi Glenda anazungulira kalasi yonse ngati nkhuku yofuna poikira. Anasuzumira pansi pa tebulo, anapeza patakolopedwa. Anakanda khoma ndi chikhadabo.

"Ndapeza nzeru. Tipale penti khoma limodzi ili."

"Tipale. Kenako?"

"Ndijambule lili lonyansa. Achinyamata apente. Ndijambulenso lili lokongola."

"Penti mwabweretsayi ndi yamtundu wanji?"

Mayi Glenda anayang'ana chidebe. "Yobiriwira."

A Exantus anayang'ana khoma. Linali lobiriwira.

"Pepani, ndifunse kuti ndimvetse," anatero mwaulemu wonse. "Kwanu anthu amakwera ndege kudzabwezera khoma mmene alipezera?"

"Kumeneko ndiko kutumikira!"

"Ooo. Kuno timati kusowa chochita. Komatu mayiko amasiyana."

"Aphunzitsi, mukundiseka?"

"Ndingayambe bwanji? Inu ndinu alendo." Anatsokomola pang'ono, n'kutulutsa mtolo waukulu kuseri kwa tebulo lawo. "Ndiponso pali kankhani kena, kochititsa manyazi pang'ono. Amayi a mpingo andituma ndikupatseni mwakachetechete."

"N'chiyani chimenecho?"

"Zovala."

"Za ana?"

"Zanu."

"Zathu?"

"Anakuonani mukutsika galimoto. Ana anu onse malaya amtundu umodzi, ngati a kunyumba ya amasiye. Atsikana mathalauzi ong'ambika m'mawondo. Inuyo, munthu wamkulu, siketi yosuluka ndi nsapato za pulasitiki. Madam Célestin anagwetsa misozi. Asonkha mwamsangamsanga. Yanu ndi diresi yopitira kutchalitchi iyi, ndi chipewa chake."

"Ife tavala zakutha dala!" Mayi Glenda anakuwa. "Kuti tisaoneke onyada pakati panu!"

"Ndiye mwakhoza kwambiri."

"Ine kwathu ndili ndi madiresi odzaza kabati!"

"Inde, Mayi," a Exantus anatero mofatsa, ngati mmene ankayankhira mwana wonena kuti bambo ake ali ndi ndege. "Palibe akukutsutsani."

Mayi Glenda anatsegula pakamwa, koma bingu linawalanda mawu. Kumapiri kuno mvula sigogoda. Inangoti waa pamalata, panja ana n'kubalalika, aliyense atavula nsapato zobwereka n'kuzibisa m'malaya.

"Taonani! Avula! Avula okha!" Mayi Glenda anathamangira pawindo ndi foni.

"Akuseka, Mayi."

"Aaa! N'chifukwa chiyani ana a kuno amangoseka?"

"Muwakhululukire. Sadziwa kuti kuli komiti."

Apo n'kuti nsalu za kudenga zitayamba kuda mawangamawanga. Ya pakati ija, ya paukwati, inayamba kutsika, kufufuma ngati mimba ya mbuzi yoyembekezera mapasa.

"Alipo!" Mayi Glenda anafuula. "Mabowo aja alipo! Zikomo Ambuye!"

"Mayi, chokanipo pamenepo."

"Sindichoka! Ndakwera ndege ziwiri kudzaona zimenezi!"

"Sunthani pang'ono chabe."

"Aphunzitsi, chifikireni mwakhala mukundibisira. Pano pokha ayi!"

Anatenga ndodo yolozera pabolodi, n'kuima pansi penipeni pa mimbayo, n'kuigwaza kuti aone kuseri kwake. Mapini ogwira nsaluyo anathothoka. Madzi onse, ndi dzimbiri lake, ndi zitosi za mileme, khuthu! pamutu pa Mayi Glenda. Foni inaulukira kumapazi a a Exantus.



A Exantus anatola foniyo, n'kuipukuta ndi tayi. Kamera inali ikadali yotsegula. Pagalasipo anaona mayi wachikulire, tsitsi litamatirira kumutu, siketi yosuluka ikudontha, utoto wofiira wa maluwa a pepala ukutsika m'masaya. Pamwamba pake malata anali mabowo okhaokha, madzi akutsika ngati zingwe. Mtima wawo unagwidwa ndi chisoni chenicheni, mpaka dzanja linapita lokha kuthumba kukafuna ndalama. Pamenepo m'pamene anamvetsa zimene mlendo wawo ankafuna tsiku lonseli. Ndipo panalibe mwana wa munthu aliyense wochititsidwa manyazi.

"Mayi, kumpingo kwanu amakudziwani onse?"

"Ndinabatizidwa momwemo," Mayi Glenda anayankha, akulavula kaduwa. "Ndipatseni thaulo."

"A Dikoni Purvis nawonso?"

"Ndi alamu anga. Thaulo, Aphunzitsi!"

"Thaulo pambuyo. Musasunthe."

"Mukuchita chiyani ndi foni yanga?"

"Nyamulani chidebecho, mukhale ngati mukutchera madzi. Pendeketsani mutu. Musamwetulire."

"Ndikumwetulira ine?"

"Ayi, mukuchita bwino kwambiri. Ganizani za njala."

"Aphunzitsi Exantus! Ine, chonchi, pakhoma la tchalitchi? Lamulungu? Pamaso pa amayi onse a kwaya? Ndingafe ndi manyazi!"

"Ndikudziwa, Mayi. Ndi khoma lalikulu, kuposa chitseko icho."

"Sizitheka!"

"Chabwino." A Exantus anatsitsa foni. "Phula nalonso ndi labwino. Matayala a abusa adzapuma."

Mayi Glenda anayang'ana kudenga. Dontho linawagwera pamphuno penipeni. Anayang'ana timatebulo tija, madzi atayamba kale kuyenda pansi pake. Kenako anawerama, n'kunyamula chidebe, n'kuchikumbatira pachifuwa ngati mwana wodwala.

"Jambulani msanga, asanalowe munthu."

A Exantus anakweza foni, anatseka diso limodzi, anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kenako anaitsitsanso, akuyang'ana kumapazi a mlendo wawo, n'kupukusa mutu.

"N'chiyaninso?"

"Vulani nsapato, Mayi. Zikubisa mavuto."