Mkaka Wongodzera M'ng'ombe

Kumudzi kwathu, kumtunda kwa tauni ya Smolyan, a Zdravko akhala akukama ng'ombe zaka makumi anayi. Loweruka lina m'mawa iwo ndi akazi awo, a Tsvetanka, ankadikira basi ya ku Plovdiv yobweretsa mwana wawo Ralitsa ndi kamdzukulu Yoana, kamene kakangolawa mkaka wa ng'ombe kamatupa pakhosi mpaka kubanika.

"Ralitsa akuti mwanayu tizimupatsa mkaka wochokera ku zomera," anatero a Tsvetanka, akuwerenga kapepala.

"Ndiye palibe vuto. Ng'ombe yathu Belka imadya chiyani?"

"Udzu."

"Udzu ndi chiyani?"

"Ndi udzu."

"Ndi chomera, mayi. Mkaka wa Belka umachokera ku zomera. M'ng'ombemo umangodzera."

A Tsvetanka anatembenuza kapepalako. "Zodzerazo sanalembe."

"Sanaletsenso."

"Waletsa. Apa: ng'ombe ayi, mbuzi ayi, nkhosa ayi. Soya, mpunga ndi mbewu ya otsi, inde."

"Mpunga? Amaukama pati?"

"Sanajambule."

"Ndikufunsa kuti mawere ake ali pati."

"Kaya, mwina ndi aang'ono. Paja inu maso anayamba kale kuvuta."

A Zdravko anaimirira, manja m'chiuno. "Ana a m'tauni amadwala mkaka wa m'mabokosi. Ine ndakulira wa m'khola. Tandionani, ndili bwanji?"

A Tsvetanka anawayang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mimba yatupa. Pokwera kachitunda ka kutchalitchi mumabanika."

"Aaa, umenewo ndi ukalamba."

"Munakayezetsa?"

"Chabwino, timupatsa chambiko. Chambiko si mkaka."

"Mumapanga ndi chiyani?"

"Ndi mkaka, eya, koma woti unasintha khalidwe."

"Za khalidwe palibe apa."

"Batala?"

"Ayi."

"Katchizi kakang'ono, kongonunkhiza?"

"Apo walemba ndi zilembo zikuluzikulu." A Tsvetanka analoza pansi pa pepala. "Akutinso akaona dontho limodzi, abwerera pa basi yomweyo, ndipo mwanayo tizidzamuonera pa foni. Ambulansi kuti ifike kuno ndi ola lathunthu, bambo a Ralitsa."

A Zdravko anakhala pansi. Anasuzumira pawindo, pomwe panali katungwe amene anamangira Yoana pamtengo wa apozi.

"Ndiye mdzukulu wanga abwere kwa agogo ake, osalawa kanthu ka Belka? Anthu akationa adzati chiyani?"

"Adzati mwadzuka bwanji."

"Sindikunena zimenezo."

"Akationa masana adzati mwaswera bwanji."

"Ndikunena manyazi, mayi. Manyazi. Banja lino ndi la ng'ombe."

"Ine kwathu ndi kwa anthu."

A Zdravko anapukusa mutu, nakoka jagi yomwe inali patebulo. Anathira mkaka mu khofi wawo mpaka kuyera.

"Mwanayo amwe madzi ake a nyembawo, sindimuletsa. Ndikagula ndekha. Koma ine, m'kamwa muno, zimenezo sizidzalowa mpaka mudzandiike m'manda." Anamwa, natseka maso. "Ehee. Uwutu ndiye mkaka. Sabata ino Belka wakometsa, mwaona? Ndi udzu wa kumtunda uja."

"Ameneyo ndi soya."

"Chiyani?"

"Ralitsa anati nditsuke ziwiya zonse, mkaka wa ng'ombe usalowe m'nyumba kuyambira Lolemba. Sunalowe."

"Nanga umene ndimakama m'mawa uliwonse?"

"Ndimapatsira anansi athu a Ganka pampanda. Akuthokoza."

"Osandiuza bwanji?"

"Simunafunse. Mumangoyamikira ng'ombe."

Panthawiyo basi inaliza hutala kumunsi kwa chitunda. A Zdravko anayang'ana m'kapu nthawi yaitali, kenako anasuzumira kukhola. Anasunthira kapuyo kwa akazi awo, natsitsa mawu.

"Thiraninso. Koma Belka asamve."